Henry Tayali ndi Zithunzi Zace za Anthu a m'Makomboni

Nkhani yathu ya lero iri ya munthu amene nchito yace inali ya manja ndi maso, mmisiri wa zojambula ndi zosema, dzina lace Henry Nkole Tayali. Ambiri a inu a mu Lusaka munaiona kale nchito yace osamdziwa mwini wace. Mukalowa pa Yunivesite ya Zambia, pa mseu waukulu wopita kum'mawa, mupeza ciboliboli ca mnyamata wobvala mkanjo ndi cisoti ca otsiriza maphunziro, buku ku dzanja lina, khasu ku dzanja lina. Anacipanga ndi Tayali. Koma zojambula zace, zimene ziri zoculuka koposa, ndiponso zimene zinena za moyo wa anthu wamba a m'tauni, eni ace a moyowo sanazione kawiri-kawiri. Ndipo pa mfundo imeneyi ndi pamene ndifuna kuti ticedwepo.

Tayali anabadwa pa 22 November 1943 ku Serenje, dziko lathu likali kuchedwa Northern Rhodesia. M'dera lomwelo muli phanga la Nsalu, m'mene anthu amakedzana anasiya zojambula zao pa thanthwe, mizere ndi zozungulira, zimene zioneka kufikira lero. Ndachula phangali cifukwa alipo ena amene amati kujambula ndi cinthu cacilendo cimene cinadza ndi Azungu. Iai. Zimene zinadza ndi Azungu ndizo cinsalu, burashi ndi utoto wa m'zitini, ndiponso mwambo wopacika cithunzi m'nyumba imene munthu acita manyazi kulowamo wopanda jekete.

Atate wace anali pa nchito ku Bulawayo, monga analiri amuna ambiri a kuno masiku aja, ndipo mwanayo anakulira komweko, naphunzira pa sukulu ya Mpopoma. Bulawayo wa nthawi imeneyo unali mzinda wa njanji ndi mafakitale, wodzala ndi anthu a mitundu yonse, Amandebele, Amashona, Anyasa, Alozi ndi Abemba. Kufupi ndi mzindawo kunali mishoni ya Cyrene, kumene Canon Edward Paterson anayamba kuphunzitsa anyamata kujambula mu 1940, kotero kuti m'dera limenelo kuona mwana wakuda atagwira burashi sikunali kodabwitsa kwenikweni. Mzungu wina wa nchito ya Kanselo, Alex Lambeth, amene dzina lace limachulidwa pamodzi ndi nyumba ya amisiri ya ku Mzilikazi, anaona zojambula za mnyamatayo, namlimbikitsa. Pofika zaka 15 Tayali anali ataonetsa kale zithunzi zace pa cionetsero mu Bulawayo.

Akali wacinyamata anajambula cithunzi cimene ciri cochuka koposa zace zonse, nacicha Destiny, ndiko kunena kumene mtundu wa anthu ulikulinga. Mukaima patsogolo pace, coyamba kukugwirani mtima ndico kuculuka kwa anthu. Maso anu afuna-funa mwini nkhani, mfumu kapena ngwazi yoposa anzace, koma sampeza. Muli khamu lokha-lokha, anthu osawerengeka ali pikiti-pikiti, kusenza, kukoka, kukwera, pakati pa mzinda waukulu wa nyumba zosanja, makina ndi utsi. Inu amene mumaona cigulu ca amuna cirikutuluka pa cipata ca mgodi pakutha kwa shifiti, mudziwa bwino cimene mnyamatayo anaona: kuti m'tauni nkhope ya munthu imamira m'nkhope za anzace, ndi kuti mzinda umene uoneka wa Azungu waima pa misana ya anthu amene maina ao salembedwa pa khoma liri lonse. Anajambula cimeneci m'zaka za cipwirikiti, pamene Federation inagwa mu 1963, Zambia nalandira ufulu mu 1964, ndipo Ian Smith nakana ulamuliro wa Boma la Britain mu November 1965.

Mu 1966 cithunzico cinagulidwa ndi mwana wa Sir Humphrey Gibbs, Bwanamkubwa wa Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace cinaoloka nyanja kunka ku England. Musunge mfundo imeneyi, pakuti tidzaipezanso kutsogoloku: cithunzi ca anchito cinakakhala m'banja la Bwanamkubwa, ndipo cinatha zaka zoposa 20 cisanafike ku dziko la mwini wace.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1967 Boma latsopano la Zambia linamtumiza Tayali ku Makerere, ku Kampala m'dziko la Uganda, kumene kunali sukulu ya zojambula imene Mai Margaret Trowell anaiyambitsa mu 1937. Anatsiriza mu 1971, caka comwe Idi Amin analanda boma la dzikolo. Atagwirako nchito pang'ono mu Lusaka, mu 1972 anapata thandizo la bungwe la maphunziro la ku West Germany, napita ku sukulu yaikulu ya amisiri ya ku Düsseldorf. Caka comweco pa sukulupo panali mkangano woopsa: mphunzitsi wochuka, Joseph Beuys, anacotsedwa nchito cifukwa ca kuumirira kulandira ophunzira amene akulu a sukulu anawakana malo. Funso la mkanganowo linali lakuti, kodi luso liri la anthu onse kapena la osankhika owerengeka? Funso lomwelo linali kumdikira Tayali kuno kwathu, litabvala malaya ena.

Ku Germany kuli mwambo wakale wa kudinda zithunzi ndi thabwa, ndipo Tayali anakhala katswiri wa nchito imeneyi. Kacitidwe kace ndi aka. Mmisiri atenga thabwa losalala, najambulapo cimene afuna. Atatero atenga kampeni ndi chizulo, nasema, kucotsa malo onse amene afuna kuti atuluke oyera, nasiya otukuka malo amene adzatuluka akuda. Apaka inki pamwamba, aikapo pepala, natsindika. Zobvuta ziripo ziwiri. Zonse zituluka motembenuka, dzanja lamanja lisanduka lamanzere, kotero kuti mmisiri ayenera kuganiza monga munthu woyang'ana pa kalirole. Ndiponso cimene mpeni wacotsa sicibwereranso. Dzanja likaterereka kamodzi, thabwa la masiku ambiri latayika. Koma phindu lace liri lalikulu, pakuti thabwa limodzi libala zithunzi zambiri zofanana, ndipo mtengo wa cimodzi utsika kufikira pamene kalaliki kapena mphunzitsi angayese kugula. Odziwa za zithunzi amafanizira zodinda za Tayali ndi za Käthe Kollwitz, mai wa ku Germany amene anamwalira mu 1945, atatha moyo wace wonse kujambula anchito, amai anjala ndi ana ao. Cimodzi ca zodinda za Tayali za m'zaka zimenezo anacicha Mother Afrika.

Pobwera kucokera ku Germany anapeza Lusaka alikufufuma monga mowa wa masiku atatu. Pa nthawi ya Boma la Azungu munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala m'tauni wopanda citupa, ndipo nyumba za Kanselo za ku Matero ndi ku Chilenje zinali za olembedwa nchito. Ufulu utafika, cipata cinatseguka. Pa kalembera wa 1969 mu Lusaka munali anthu 262,000. Pa wa 1980 anali atapitirira 500,000. Nyumba za Kanselo sizinakwane, tsono anthu anaumba okha zidina zao, namanga ku Kanyama, ku George, ku Chawama, ndi ku Kalingalinga, kumene kuli pafupi penipeni ndi Yunivesite. Mu 1974 Boma linaika lamulo lobvomereza makomboni otere, ndipo ndi ngongole ya World Bank linayamba kulowetsa mipope ya madzi ndi miseu ku George ndi ku Chawama.

Anthu a moyo umenewu ndiwo amene Tayali anawajambula, ndipo malo amene anabwererako kawiri-kawiri ndi burashi ndi mpeni wace ndiyo nyumba ya mowa. Cimodzi ca zithunzi zace cichedwa The Beer Garden. Ndidziwa kuti ena a inu okonda chalichi mwakwinya kale nkhope. Koma kumbukirani mbiri ya nyumba imeneyi. Masiku a Azungu Kanselo inali mwini mowa wa m'tauni. Inamanga nyumba zazikulu zomweramo, ndalama zace nizipita ku thumba lomangira zipatala zazing'ono ndi maholo a m'komboni, pamene mai wofulula mowa wace kunyumba anali kuthamangitsidwa ndi apolisi, mbiya zace nizitayidwa pansi. M'nyumba ya mowa ndi m'mene munthu wocokera kumudzi anali kupeza abale ace, kumva kumene kuli nchito, kumva za maliro, ndi kunong'onezana za ndale. Inali bwalo la mudzi wa anthu opanda mudzi. Monga ndionera ine, Tayali sanaijambule kuti aitame, kapena kuti ailalikire. Anajambula cimene cinalipo: anthu opanikizana, cimwemwe ca tsiku la malipiro, ndi kutopa kumene kubisala kuseri kwa cimwemweco.

M'zaka zace zotsiriza kajambulidwe kace kanasinthika. Nkhope zinaleka kuoneka imodzi-imodzi, anthu nasanduka mawanga ndi mikwingwirima ya utoto yopiringizana. Alipo amene amati pamenepa mmisiri anasocera, natsata za ku Ulaya. Ine sindibvomera. Yesani kuyang'ana msika wa ku Matero madzulo, muli pa zenera la basi yothamanga: simuona mphuno kapena diso la munthu, muona zitenje, mitu, mabeseni ndi mikono zonse zirikuyenda pamodzi. Khamu lija la mu Destiny ndi lomweli, koma tsopano mmisiri analeka kuliwerenga ali patali, nalowa pakati pace.

Nchito yace yaciwiri inali ya uphunzitsi. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, inamlemba m'cigawo cochedwa Institute for African Studies, ndipo pambuyo pace inampatsa udindo wa Mmisiri wa Yunivesite. Dzina la udindowo liri lolemera, koma pansi pace panali dzenje. Yunivesite inali ndi sukulu ya madokotala, ya malamulo, ya mainjiniya ndi ya migodi, koma inalibe sukulu ya zojambula. Tayali anaimenyera nkhondo sukulu imeneyi kufikira imfa yace, osaiona. Kumene kunali ophunzira a luso kunali ku Evelyn Hone College, pa Church Road, kumene anali kukonza aphunzitsi a zojambula a m'masukulu, ndipo kumeneko Tayali anaphunzitsanso.

Pa koleji yomweyo bungwe la Art Centre Foundation, m'mene munali Tayali ndi Mai Cynthia Zukas, linali ndi cipinda ca nchito, ndipo Mai Zukas anaikamo makina ao odindira zithunzi kuti amisiri ena agwiritse nchito. M'cipinda cimeneci munasonkhana gulu lochedwa Lusaka Artists Group, amuna monga Fackson Kulya, David Chibwe, Patrick Mweemba ndi Style Kunda, amene sanaone Makerere kapena Düsseldorf, koma anadinda zithunzi za misika, za mabasi ndi za moyo wa m'komboni monga anthu oudziwa ndi mapazi ao. Sukulu imene Yunivesite sinamange inayamba mwa njira yotere, m'cipinda cobwereka, pozinga makina amodzi. Kuonjeza pa izi Tayali anakhala m'mabungwe oyang'anira nyumba zosungiramo zakale ndi nchito za manja, naimirira Zambia pa misonkhano ya amisiri m'maiko ena. Dziko linali ndi amisiri ophunzira owerengeka, tsono mmodzi yemweyo anayenera kusenza mitolo ya anthu asanu. Ndipo ora liri lonse la m'komiti linali ora lobedwa kwa burashi.

Tifike tsopano pa nchito yacitatu, imene inali yobvuta koposa ziwiri zija, ndiyo kupeza maso oona zithunzizo. Masiku onse a moyo wa Tayali mzinda wa Lusaka unalibe nyumba ya Boma yomangidwira zithunzi. Nyumba yaikulu yosungiramo zakale inali ku Livingstone, ulendo wautali wa pa sitima. Zionetsero zinali kucitikira m'mahotela, m'maholo obwereka, m'nyumba za akazembe a maiko ena, ndi ku Mpapa Gallery, imene inatsegulidwa mu 1978. Ofikako anali a kumayadi. Ogula ambiri anali alendo a makontrakiti, amene pakutha kwa zaka zao analonga zithunzizo m'mabokosi pamodzi ndi mbale ndi mabuku, napita nazo kwao. Ndipo mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, za cimene cinatsata inu a pa migodi simufuna wokuuzani. Munthu woima pa mzere wa ufa, sopo ndi mafuta ophikira alibe mtima wa cithunzi ca pa khoma. Ngakhale utoto ndi maburashi, pokhala zocokera kunja, zinasowa m'masitolo.

Koma tisanamizane kuti anthu a m'komboni sadziwa kuyang'ana cithunzi. M'zaka zomwezo ku Kanyama kunali gulu la ojambula ocokera ku Zaire, dziko limene lero tilicha Congo, amene anali kujambula midzi ya m'mbali mwa mtsinje ndi dzuwa lirikulowa, nagulitsa kwa alendo a m'tauni. Mai wina wophunzira wa ku America, Bennetta Jules-Rosette, anaceza nao, nalemba za iwo m'buku lace la mu 1984. Pa makoma a mabala munali kupeza mamba muntu, mkazi uja wa mcira wa nsomba, njoka itamzenga m'thupi. Wometa tsitsi ali yense anali ndi cikwangwani ca mitu yometedwa mosiyana-siyana, ndipo mwini golosale sanatsegule citseko asanaitane wolemba zikwangwani. Anthu a m'komboni anali kuona zithunzi tsiku ndi tsiku, nazikonda, nazilipira. Taonani tsono cododometsa: cithunzi ca nyumba ya mowa ya m'komboni cinali kupacikidwa kumayadi, pamene m'nyumba ya mowa ya m'komboni munali kupacikidwa mkazi wa m'madzi.

Ife a wailesi tiri ndi mwai umene wojambula alibe. Kuyambira 1949, pamene kawailesi ka Saucepan kanayamba kugulitsidwa pa £5, nyimbo ya Alick Nkhata inali kulowa m'nyumba zikwi-zikwi usiku umodzi. A Chikwakwa Theatre a pa Yunivesite ananyamula masewero ao, napita nao kumidzi. Koma cithunzi ca utoto ciri cimodzi cokha, ndipo cikhala pa khoma limodzi, kuseri kwa citseko ca munthu mmodzi. Cifukwa cace ndiyesa kuti zodinda zija ndi ziboliboli ndizo zinali njira ya Tayali yotulukira panja. Anapanga ng'ombe yamphongo imene inaimikidwa pa mseu wopita ku bwalo la ndege. Anapanga mnyamata uja wa buku ndi khasu, wochedwa The Graduate, amene aima poyera, dzuwa ndi mvula, pamene profesa, wophunzira, ndi mai wa ku Kalingalinga wodzasesa m'maofesi apita onse pa njira imodzi, osafunsidwa kalata ya kuitanidwa. Khasulo liri la nthawi imene Dr. Kaunda anali kulalikira kuti ophunzira asanyoze munda. Kaya ndi angati mwa otsiriza maphunziro amene analigwiradi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mu 1986 Tayali, Mai Zukas ndi Mai Bente Lorenz, woumba mbiya wocokera ku Denmark, anayambitsa bungwe la Lechwe Trust. Colinga cace cinali kuthandiza amisiri ndi ophunzira, ndi kugula nchito zabwino za amisiri a Zambia kuti zitsale m'dziko muno, zisathere m'mabokosi aja. Tayali sanaone zipatso zace. Caka cotsatira anapita ku West Germany ku ukwati wa mwana wace, ndipo pa 22 July 1987 anamwalira mumzinda wa Aachen, ali ndi zaka 43 zokha. Mtembo wace unabwera kuno, nuikidwa ku manda a Leopards Hill.

Zimene anazilira zinafika iye atapita, imodzi-imodzi ndiponso mocedwa. Mu 1989 amisiri, motsogozedwa ndi Martin Phiri ndi anzace, anapanga bungwe lao la Visual Arts Council, ndipo mu 1995 anatsegula nyumba yao ya nchito ndi zionetsero ku Showgrounds, naicha Henry Tayali Visual Arts Centre. Mu 1996 inatsegulidwa Lusaka National Museum, pa Independence Avenue. Pa mphotho za Ngoma anaikapo imodzi ya ojambula yochedwa ndi dzina lace. A Lechwe Trust anamva kumene kunali Destiny, nacigula, nacibwezera ku Zambia. Ndipo mu 2018 anatsegula nyumba yao ya zithunzi pa Lagos Road, ku Rhodes Park. Kumeneko kukali kumayadi, koma munthu wa ku Kanyama kapena ku George angathe kufikako ndi kubwera tsiku lomwelo.

Nyumba ija ya ku Showgrounds ndiyo iri pa malo amene ndiyesa akanamkondweretsa mwini dzina. Caka ndi caka, kumayambiriro kwa August, pa cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda, makamu a ku Matero, Chawama, Mtendere ndi Kalingalinga amadzaza bwalo limenelo kudzaona ng'ombe, mathirakitala ndi oimba, ana ali pa mapewa, nzimbe ziri m'manja. Nyumba ya Tayali iri m'kati mwa mpanda womwewo. Inu amene mudzapitako caka cino, mukafunse pa cipata, adzakulozerani.